Momwe mungayambire kuyang'anira seva ya WildFly

Kawirikawiri ntchito imeneyi munthu saisankha. Amene ankasamalira seva wasiya ntchito, bwana akuloza inu, ndipo Lolemba m'mawa mukupeza kuti pulogalamu yomwe akalaliki onse amadalira ili m'manja mwanu. Ngati pulogalamuyo inalembedwa mu Java, n'kutheka kuti ikuyenda pa application server monga WildFly, WebSphere ya IBM kapena WebLogic ya Oracle. Seva yotereyi imanyamula pulogalamu, kulandira anthu olowa pa browser, kulumikiza pulogalamu ndi database, komanso kuonetsetsa kuti ndalama zikachoka ku akaunti ina zafikadi ku inzake, osati kuthera panjira.

Pano tikambirana za WildFly chifukwa ndi yaulere ndipo mutha kuyeserera pa laputopu yanu. Poyamba inkatchedwa JBoss AS. Kampani ya Red Hat inagula JBoss mu 2006, ndipo dzina la WildFly linabwera mu 2013. JBoss EAP, yomwe makampani amalipira kuti azithandizidwa, imamangidwa kuchokera pa WildFly yomweyi, choncho zomwe muphunzire pano zambiri zikagwiranso kumeneko.

Gawo 1: Java ndi munthu woyendetsa seva

Lembani java -version pa terminal. WildFly yatsopano imafuna Java 17 kapena yoposerapo. Kenaka funsani olemba pulogalamu funso limodzi musanakopere chilichonse: pulogalamu yawo imagwiritsa ntchito mayina oyamba ndi javax kapena jakarta? Java EE, yomwe ndi miyezo yomwe mapulogalamu a maseva otere amatsata, itasamukira ku bungwe la Eclipse Foundation n'kukhala Jakarta EE, mayinawo anasinthidwa, ndipo kuyambira WildFly 27 seva imayembekezera jakarta. Pulogalamu yakale ya javax siidzuka pa WildFly yatsopano, ngakhale mugone pa ofesi.

Pangani user wapadera, tinene wildfly, tsegulani fayilo ya WildFly yomwe mwakopera mu /opt/wildfly, ndipo foda yonseyo ikhale ya user ameneyo. Musayendetse seva ngati root, user amene ali ndi mphamvu zonse pa makina. Munthu akadzapeza mpata m'pulogalamu, adzakhala ndi mphamvu zomwe seva ili nazo, basi.

Gawo 2: Kuidzutsa koyamba

WildFly imayenda m'njira ziwiri. Standalone ndi seva imodzi yodziyimira payokha. Domain ndi ya maseva ambiri olamulidwa kuchokera pamalo amodzi. Yambani ndi standalone, domain idikire tsiku lomwe mudzakhala ndi maseva oti muwalamulire.

Lembani bin/standalone.sh n'kuyang'ana mizere ikuyenda. Mukufuna kuona WFLYSRV0025, kutanthauza kuti seva yadzuka bwino. Mukaona WFLYSRV0026 ndiye kuti yadzuka koma china chake chalephera. Manambala awiriwa aloweni pamtima. Tsegulani browser pa localhost:8080 ndipo tsamba lolandirira alendo lioneka.

Makonzedwe onse a seva ali mu fayilo ya standalone/configuration/standalone.xml. Mu foda yomweyo mulinso standalone-full.xml, yomwe imawonjezera kutumizirana mauthenga kudzera mu ActiveMQ Artemis, ndi standalone-ha.xml ya maseva ogwirira limodzi. Ngati olemba pulogalamu atchula JMS, njira ya Java yotumizirana mauthengawo, dzutsani seva ndi bin/standalone.sh -c standalone-full.xml.

Gawo 3: Chitseko cha woyang'anira

Seva ili ndi zitseko zitatu zofunika kuzidziwa: port 8080 ya anthu ogwiritsa ntchito pulogalamu, 8443 ya HTTPS, ndi 9990 ya inu woyang'anira. Kuti mulowe pa 9990 mufunika dzina ndi pasiwedi. Lembani bin/add-user.sh, sankhani Management User, n'kupereka pasiwedi yolimba.

Ikangoikidwa, WildFly imamvetsera pa 127.0.0.1 pokha, ndiye kuti kompyuta ina siingaifikire. Apa m'pamene ambiri amalakwitsa. Akaona kuti console, tsamba la woyang'anira la pa 9990, siikutseguka kuchokera pa laputopu yawo, amalemba -bmanagement 0.0.0.0 n'kutsegulira dziko lonse. Koma aliyense wolowa pa 9990 atha kuika pulogalamu iliyonse pa seva yanu n'kuiyendetsa. Tsegulani mbali ya anthu yokha ndi -b, ndipo inu muzilowa kudzera mu SSH, njira yotetezeka yolowera pa kompyuta ina, motere: ssh -L 9990:127.0.0.1:9990 dzinalanu@seva. Mukatero, localhost:9990 pa laputopu yanu ikufikitsani pa seva popanda kutsegula chitseko chilichonse panja.

Gawo 4: Zolowerani CLI, siyani kukanda XML

Pa zonse zomwe ndalemba pano, ichi ndicho ndingakukakamizeni. Fayilo ya standalone.xml imakopa, chifukwa imawerengeka ndipo kusintha mzere umodzi kumaoneka kosavuta. Vuto lake n'lakuti seva nayonso imalemba m'fayilo yomweyo. Mukasintha pamanja seva ikuyenda, kenaka wina n'kusintha kanthu pa console, seva imalembanso fayilo yonse kuchokera pa zomwe ikudziwa, ndipo zanu zija zimafufutika popanda chenjezo. Mudzatha masana onse mukulumbira kuti munasintha.

Njira yake ndi CLI, pomwe mumalamula seva polemba malamulo pa terminal: bin/jboss-cli.sh --connect. Yesani :read-attribute(name=server-state) ndipo ikuyankhani running, kapena reload-required ngati pali kusintha komwe kukudikira lamulo la reload. Batani la Tab limamalizitsa malamulo, kotero simukuyenera kuloweza zonse. Musanasinthe chinthu chachikulu lembani :take-snapshot, ndipo makonzedwe a nthawi imeneyo asungidwa mu foda ya standalone_xml_history.

Phindu lenileni la CLI n'lakuti malamulo ake mutha kuwalemba mu fayilo, n'kuwayendetsa ndi jboss-cli.sh --connect --file=makonzedwe.cli. Fayiloyo muisunge mu Git, pulogalamu yosunga mbiri ya kusintha kwa mafayilo. Seva ikadzafa, kapena mukadzafuna ina yoyeserera, mumangoyendetsa fayiloyo pa WildFly yatsopano. Zomwe munadina pa console miyezi isanu ndi itatu yapitayo palibe amene angazikumbukire, ngakhale inu nomwe. Ndipo ngati mwalandira seva yomwe mnzanu anaikonza podinadina, ntchito yanu yoyamba ndi kufanizira standalone.xml yake ndi yatsopano pogwiritsa ntchito diff, kuti muone zomwe anasintha.

Gawo 5: Kulumikiza database

Datasource ndi makonzedwe omwe seva imalumikizira pulogalamu ndi database. Mudzapeza ina yotchedwa ExampleDS. Imagwiritsa ntchito database ya H2 yosunga zinthu mu RAM, ndipo seva ikazima zonse zimapita. Ndi yoyeserera chabe.

Tinene kuti database yanu ndi PostgreSQL. Kopani fayilo ya jar ya driver yake, muiike ngati module ndi lamulo la module add, muilembetse pansi pa /subsystem=datasources/jdbc-driver, kenaka mupange datasource: data-source add --name=MalipiroDS --jndi-name=java:/jdbc/MalipiroDS --driver-name=postgresql --connection-url=jdbc:postgresql://localhost:5432/malipiro, kuwonjezerapo --user-name ndi --password. Dzina la JNDI, lomwe pulogalamu imaitanira datasource, lifanane ndendende ndi lomwe lili m'pulogalamu, chilembo ndi chilembo. Yesani ndi /subsystem=datasources/data-source=MalipiroDS:test-connection-in-pool musanaike pulogalamu.

Pali manambala awiri oti muwaone. WildFly imalola ma connection 20 pa datasource iliyonse mukapanda kusintha max-pool-size, pomwe PostgreSQL imalola 100 onse pamodzi mukapanda kusintha max_connections. Kumapeto kwa mwezi, aliyense akamathamangitsa malipoti, 20 aja amatha ndipo pulogalamu imaoneka ngati yauma. Kwezani, koma muwerengere maseva onse omwe akumwera pa database imodziyo. Muyatsenso kuyesa ma connection, monga validate-on-match, chifukwa database ikazima n'kuyakanso, seva imatha kugwiritsabe ma connection akufa mpaka wina aidzutsenso.

Gawo 6: Kuika pulogalamu

Pulogalamu imabwera ngati fayilo ya .war kapena .ear. Mutha kuiponya mu standalone/deployments, ndipo seva iika pambali pake kafayilo kothera ndi .deployed ikatheka, kapena .failed ikakanika, momwe mumalembedwa chifukwa chake. Poyeserera njirayi ndi yabwino. Pa seva yeniyeni gwiritsani ntchito CLI: deploy /tmp/malipiro.war, ndipo posintha ndi yatsopano onjezerani --force. Lamulo la deployment-info likuonetsani zomwe zilipo. Fayilo yakale musaitaye, mungafune kubwerera.

Gawo 7: RAM, log ndi magetsi

Tsegulani bin/standalone.conf muone JAVA_OPTS. Mwachizolowezi muli -Xmx512m, malire a RAM yomwe Java imasungiramo zinthu za pulogalamu, yomwe pa pulogalamu ya kampani imachepa msanga. Ikwezeni malinga ndi makina anu, koma musapereke RAM yonse kwa Java, Linux nayo imafuna pokhala. Onjezerani -XX:+HeapDumpOnOutOfMemoryError kuti RAM ikadzatha patsale umboni woti olemba pulogalamu aufufuze.

Fayilo ya standalone/log/server.log muziiwerenga ngakhale zinthu zili bwino, kuti mudziwe mmene seva yathanzi imalankhulira. Pakabuka vuto, musathamangire mzere womaliza. Pitani pa ERROR yoyamba, mutsike mpaka pa Caused by yomaliza, pamenepo ndi pomwe pali gwero. Dziwaninso kuti WildFly imayamba log yatsopano tsiku lililonse koma zakale siifufuta, ndiye mukaiwala disk idzadzaza.

Chomaliza ndi magetsi. Kwathu kuno kuthima kwa magetsi sikuchita kufunsa, ndipo jenereta nthawi zina imachedwa kuposa momwe UPS ingapirire. Seva yomwe munaidzutsa pamanja siidzadzuka yokha. Lembani unit ya systemd (yomwe imadzutsa mapulogalamu Linux ikamayaka) yoyendetsa standalone.sh ngati user wildfly, muikemo After=postgresql.service ngati database ili pamakina omwewo, kenaka systemctl enable wildfly. Musangokhulupirira kuti zatheka. Sankhani madzulo anthu ataweruka, lembani reboot, dikirani, ndipo muone ngati WFLYSRV0025 yaoneka mu server.log inu musanakhudze chilichonse.