Mmene mungadziwire ngati wagwirira mkati kapena kunja pa mpira waku America

Anzanga amene mwayamba kutsatira NFL, ligi yayikulu ya mpira waku America, ndikudziwa pamene ambiri mumasokonekera. Munthu wadumpha m'mbali mwa bwalo, mpira waugwira bwinobwino ndi manja awiri aliyense waona, koma lifali akubwera akupingasa manja kuti ayi palibe chachitika, ndiye mumayamba kudandaula kuti akondera. Sikukondera amangwetu, nkhani ndi yoti maso athu anakulira pa mpira wamiyendo kumene timangoyang'ana mpira basi. Kuno muyenera kuwaphunzitsa kutsika pansi, kumapazi.

Tiyambe ndi laini. Ku mpira wamiyendo laini ndi mbali ya bwalo, mpira umayenera kutuluka wonse kuti pakhale thuroini, ndipo puleya atha kuthamanga kunja kwa laini uku akusewera mpira uli mkati popanda mlandu. Ngakhale pa ntchemberembaye amene aponda laini amakhala adakali mkati. Ku mpira waku America ndi zotembenuza, laini yoyera ija ndi kunja kale. Ku NFL ndi yonenepa ndithu, mafiti 6 mulifupi, ndipo kansonga ka nsapato kakangokhudza poyera basi watuluka, kaya thupi lonse lili mkati. Chimodzimodzi laini yakumbuyo kwa end zone, dera lakumapeto kwa bwalo komwe amagoletsera.

Ndiye akamabwereza ripulei, choyamba musathamangire kuwerenga mapazi, yang'anani kaye manja. Kuwerenga kumayamba pamene mpira wakhazikika m'manja. Ngati ukuvinavina, akuugwira ukupulumuka akuugwiranso, phazi lomwe linaponda nthawi imeneyo silikuwerengedwa, mumayambira pomwe waumbatira zenizeni. Apa ndi pamene ambiri timalakwitsa chifukwa timaona mapazi awiri aponda mkati ndiye tasangalala, osadziwa kuti loyamba lija linaponda mpira usanakhazikike.

Mpira ukakhazikika werengani tsopano. Ku NFL amafuna mapazi onse awiri mkati, lamanja ndi lamanzere, osati phazi limodzi lomwelo kuponda kawiri ngati akusewera phada wodumpha ndi mwendo umodzi, zimenezo sizigwira. Koma ku mpira wa makoleji komanso masukulu a sekondale ku America phazi limodzi ndi lokwanira, ku Canada nakonso limodzi. Ndiye musadabwe mukaonera gemu ya koleji Loweruka nkuona avomera chinthu chomwe Lamulungu ku NFL akuchikana, malamulo ake ndi osiyana, ndipo anyamata ochoka ku koleji amayenera kuphunzira phazi lachiwirilo akafika ku NFL.

Pali kanthu kena kamene anthu ambiri sakadziwa. Chiwalo china chilichonse cha thupi kupatula dzanja chikagunda pansi mkati, chimalowa m'malo mwa mapazi onse awiri. Bondo limodzi, chigongono, msongolo, ngakhale matako, zonsezi ndi zokwanira bola zifike pansi mkati chiwalo china chisanakhudze poyera. Chikhatho chokha ndiye ayi.

Tsopano nkhani ya zala ndi chidendene, iyi ndiye imabweretsa mkangano kwambiri ndipo ine ndimaikonda. Mapuleya odziwa ntchito akagwira mpira thupi likugwera kunja, amaumitsa miyendo nkukhwekhwereza nsonga za nsapato pansi, ngati munthu wonyang'ama amene wagwa chafufumimba. Zala zikakhwekhwerezeka mkati kenako nkutuluka, phazi limenelo lawerengedwa. Pa mabwalo a kapinga wopanga mumachita kuona timibulu takuda ta labala tikuuluka kumbuyo kwa nsapato, ndipo kamera ikaonetsa timibulu timeneto mbali yobiriwira dziwani kuti zala zinakhudza. Koma ngati munthu akuponda sitepe wamba, zala zatsika mkati kenako chidendene nkutsikira pa laini mu sitepe yomweyo, ameneyo ali kunja, phazi lonse limaonedwa ngati sitepe imodzi. Ndiye dzifunseni, wakhwekhwereza kapena waponda?

Kuti mumvetse bwino sakani kanema wa Santonio Holmes wa Pittsburgh Steelers mu Super Bowl, gemu yomaliza yolimbirana chikho cha NFL, ya February 2009 ku Tampa. Kutatsala masekondi 35, Ben Roethlisberger anaponya mpira pakona ya end zone kudutsa pamwamba pa anyamata atatu a Arizona Cardinals, Holmes anatambasula manja thupi lonse litapendekera kunja, zala zokha za kumapazi zili pansi mkati, ndipo Steelers inawina 27-23. Winanso ndi Mario Manningham wa New York Giants mu February 2012, mpira wa mayadi 38 kuchoka kwa Eli Manning m'mbali mwenimweni mwa laini, anthu awiri atamupanikiza, kochi wa New England Patriots Bill Belichick anaponya kansalu kofiira kopempha alifali kuti awonenso kanema koma mapazi onse anali mkati, Giants nkudzawina 21-17. Muonere pang'onopang'ono kangapo, maso kumapazi.

Mapazi akakwana musafulumire kukuwa, dikirani agwe kaye. Munthu amene wagwira mpira uku akugwera kunja ayenera kuusunga mpaka atagunda pansi, ukamupulumuka pogwa nkugubuduka ndiye kuti sanagwire. Lamulo la kugwira mpira linavutitsa anthu zaka zambiri, monga pomwe anamukanira Calvin Johnson mpira womwe ankaoneka kuti wagwira mu 2010, chimodzimodzi Dez Bryant wa Dallas Cowboys mu January 2015 ku Green Bay zomwe masapota a timuyo sanaziiwale, mpaka mu 2018 NFL inalikonzanso kuti likhale la zinthu zitatu, kuugwira mpira molimba, mapazi awiri kapena chiwalo china pansi, kenako kuchita kenakake ka mpira monga sitepe yachitatu, kuufungatira kapena kuutambasulira kutsogolo. Koma m'mbali mwa laini nthawi zambiri mpata wa sitepe yachitatu sukhalapo, ndiye chomupulumutsa ndi kuugwiritsitsa mpaka pansi.

Nanga akamukankha ali m'malere? Kale lifali ankatha kunena kuti akanapanda kukankhidwa akanatera mkati nkumupatsa, koma lamulo limenelo analichotsa mu 2008. Pano wotchinga akakukankha utagwira mpira m'mwamba nkukatera kunja, palibe chako. Ine ndimaona kuti anachita bwino chifukwa lifali samayenera kulosera za zomwe sizinachitike. Komanso puleya amene watuluka kunja yekha akuthamanga sangabwerere nkukhala woyamba kukhudza mpira woponyedwawo, pokhapokha ngati anatulutsidwa ndi faulo ya wotchinga ndipo wabwerera msanga. Mukaona lifali wagwetsa chipewa chake pansi m'mbali mwa laini, akuika chizindikiro choti pali wina watuluka.

Mwina mukufunsa kuti amavutikiranji kuponyera kumbali kothina chonchi bwalo lili lonse mayadi 53 mulifupi. Ndi nkhani ya wotchi. Ukagwira mpira nkutuluka kunja nthawi imaima, ndipo mu mphindi 2 zomaliza za hafu yoyamba ndi mphindi 5 zomaliza za gemu imaima mpaka mpira utayambanso, ndiye timu yomwe ikuthamangitsa zigoli imakhalira kumbali komweko. Mu mphindi 2 zomaliza za hafu iliyonse kochi saloledwa kuponya kansalu kofiira, oyang'ana makanema ndi amene amaitanitsa okha, ndipo touchdown iliyonse, chigoli chofikitsa mpira mu end zone, amaionanso.

Mmene laini imeneyi ilibe chisoni tinaonera pa gemu yotsegulira sizoni ya 2024. Baltimore Ravens inali kumbuyo 27-20 kwa Kansas City Chiefs, nthawi itatha kale pa wotchi Lamar Jackson anapeza Isaiah Likely kumbuyo kwa end zone, lifali anakweza manja kuti touchdown, Ravens yayamba kale kukonzekera zoyesa mapointi awiri owonjezera pambuyo pa touchdown kuti iwine. Ataonanso kanema, kansonga ka nsapato yake kanali katakhudza poyera pang'ono chabe, ndipo gemu inathera pomwepo.