Kubetcha pa mipikisano ya magemu a pakompyuta: zoyenera kudziwa musanaike ndalama

Anthu ambiri amene amabetcha mu Lilongwe anazolowera mpira wamiyendo, koma masiku ano pamndandanda wa makampani obetchera pafoni pakuonekanso mayina monga Counter-Strike 2, Dota 2, League of Legends ndi Valorant. Awa ndi masewera a pakompyuta amene matimu a anthu asanuasanu amapikisana pamaso pa oonera, ndipo ndalama zake si zochepa, chifukwa mpikisano wa Dota 2 wotchedwa The International umene unachitikira ku Bucharest mu 2021 unali ndi mphoto zoposa madola 40 miliyoni, ndipo timu ya Team Spirit ndi imene inapambana. Vuto la woyamba kumene n'loti amalowamo ndi nzeru za mpira, kusankha timu yodziwika dzina kapena yokhala ndi maodzi ochepa, pamene masewerawa ali ndi malamulo awoawo amene akuyenera kuphunziridwa ndalama isanatuluke m'thumba.

Nkhani ya lamulo ndi yachidule. Kuno ku Malawi amene amapereka ziphaso kwa makampani obetchera ndi bungwe la Malawi Gaming and Lotteries Authority, ndipo munthu wosakwana zaka 18 saloledwa kubetcha. Gwiritsani ntchito kampani yokhala ndi chiphaso, imene imalandira ndi kulipira kudzera pa Airtel Money kapena TNM Mpamba m'dzina lanu, chifukwa kampani yakunja yopanda chiphaso ikakana kukulipirani mulibe kokadandaula. Dziwaninso kuti pa ndalama zimene mwawina pamadulidwa msonkho.

Kenaka muyenera kusiyanitsa zinthu zimene zimaoneka zofanana pafoni. Pali mpira wongopangidwa ndi kompyuta, umene sukhala ndi munthu aliyense wosewera, ndipo zotsatira zake zimachokera m'makina a kampani, choncho palibe chimene mungafufuze kuti mudziwe wopambana. Palinso mpira wa EA Sports FC, umene mpaka 2023 unkatchedwa FIFA, pomwe anthu awiri amasewera kwa mphindi zowerengeka. Pamenepo dzina la Arsenal kapena Real Madrid lisakukopeni, chifukwa chofunika ndi luso la munthu amene wagwira chowongolera, ndipo za munthuyo nthawi zambiri simungapeze mbiri yokwanira. Mipikisano ikuluikulu ya matimu ndiyo yokha imene ili ndi mbiri yoonekera kwa aliyense, ndipo ndi imene ndikunena pano.

Sankhani gemu imodzi yokha, ndipo kwa woyamba ndikuona kuti Counter-Strike 2 ndiyo yosavuta kuitsatira. Inatulutsidwa ndi kampani ya Valve mu September 2023, ndipo timu imene yayamba kupambana maraundi 13 ndi imene yatenga mapu, kutanthauza masewero amodzi pa bwalo limodzi la gemuyo, kupatula pamene afanana 12 kwa 12 n'kuwonjezera nthawi. Dota 2 ndi League of Legends n'zovutirapo chifukwa wosewera aliyense amasankha munthu wake wa m'gemumo pakati pa oposa 100, ndipo kawirikawiri mpikisano umapendekera mbali imodzi pa nthawi yosankhayo, asanayambe n'komwe kumenyana. Amene sanasewereko sangaone zimenezi.

Mukasankha gemu, phunzirani kuwerenga maodzi, pakuti apa ndi pamene pali mtima wa nkhani yonse. Mukagawa 100 ndi nambala ya maodzi, mumapeza mwayi umene kampani ikuupereka kwa timuyo. Maodzi a 2.00 akutanthauza 50 pa 100 alionse, ndipo a 1.50 akutanthauza pafupifupi 67, kutanthauza kuti amene amabetcha pa 1.50 nthawi zonse ayenera kuwina kawiri pa katatu kalikonse kuti angobweza ndalama zake popanda phindu. Tsopano taonani matimu awiri ofanana mphamvu amene onse apatsidwa 1.85. Aliyense ali ndi 54, ndipo mukaphatikiza zikukwana 108 m'malo mwa 100. Zisanu ndi zitatu zapamwambazo ndi phindu la kampani, limene imadya kaya wapambana ndani, ndipo n'chifukwa chake obetcha ambiri amaluza pakapita nthawi ngakhale atakhala odziwa masewera. Funso loyenera kudzifunsa si lakuti apambana ndani, koma lakuti kodi mwayi weniweni wa timuyi ukuposa umene maodzi akunena. Ngati mulibe chifukwa chomveka choyankhira kuti inde, mpikisano umenewo uonereni chabe.

Chachiwiri kuchiyang'ana ndi kutalika kwa mpikisano. Ina imaseweredwa pa mapu amodzi, ina pa atatu pomwe wopambana awiri ndiye watenga, ndipo yomaliza nthawi zambiri imakhala ya asanu. Pa mapu amodzi timu yofooka imatha kugwetsa yamphamvu chifukwa cha maraundi ochepa amene ayenda bwino, koma pa atatu kapena asanu luso limaonekera. Mu Counter-Strike 2 mipikisano imakhala ndi mapu asanu ndi awiri osankhapo, monga Mirage, Inferno, Nuke ndi Ancient, ndipo matimu amasinthana kuchotsa amene sakuwafuna ndi kusankha amene amawadalira. Timu ikhoza kukhala yachitatu padziko lonse koma n'kukhala yofooka pa mapu amodzi amene anzawo amawakonda kwambiri. Mbiri yonseyi imapezeka mwaulere pa webusaiti ya HLTV, ndipo ya magemu enawa ili pa webusaiti ya Liquipedia. Beti yolembedwa -1.5 pa mpikisano wa mapu atatu ikutanthauza kuti timuyo iyenera kupambana 2 kwa 0, ndipo ikataya mapu amodzi okha ndalama yanu yapita ngakhale itapambana mpikisanowo.

Musanabetche onetsetsani kuti asanu amene akusewera lerolo ndi omwe aja. Matimu a masewerawa amasintha anthu pafupipafupi, ndipo nthawi zina wosewera amalephera kupeza viza, n'kuikapo wongobwereka. Pa timu ya anthu asanu, kusowa kwa mmodzi n'kwakukulu kuposa pa timu ya anthu 11, makamaka akakhala amene amatsogolera anzake pa zochita. Gemu nayonso imasintha. Kampani ya Riot Games, imene inapanga League of Legends, imaisintha pafupifupi masabata awiri alionse, ndipo mu April 2023 Valve inakulitsa bwalo la Dota 2 ndi magawo 40 pa 100, moti zotsatira za miyezi yam'mbuyo zinasiya kukhala chitsogozo chodalirika.

Mipikisano ing'onoing'ono ya pa intaneti ipeweni, ngakhale maodzi ake akhale okoma. Kumeneko osewera amalandira zochepa, ndipo ena amagonja mwadala atabetcha okha pa anzawo. Mu 2014 osewera a timu ya iBUYPOWER ya ku North America anachita zimenezi, ndipo mu January 2015 Valve inawaletsa kusewera m'mipikisano yake. Bungwe la ESIC linakhazikitsidwa mu 2016 kuti lilimbane ndi chinyengo chotere, komabe silingaone chilichonse. Kubetcha mpikisano uli mkati nakonso sikoyenera woyamba, chifukwa zithunzi za pa Twitch kapena YouTube zimafika mochedwa, pamene kampani imakhala italandira kale zimene zachitika. Mukawonjezera netiweki yodukaduka ndi bandulo yotha mwadzidzidzi, mumapezeka mukubetcha pa raundi imene inatha kale.

Za ndalama ndikufuna kunena mosabisa, chifukwa ndi pamene mabanja amalirira. Patulani ndalama imene ingatayike popanda kukhudza lendi, ufa, sukulufizi kapena ya minibasi yochokera ku Area 25 kupita kutauni, ndipo beti imodzi isapitirire magawo awiri pa 100 a ndalamayo. Ngati mwapatula K20,000 pamwezi, ndiye kuti beti iliyonse ndi K400, kaya mwawina dzulo kaya mwaluza. Ikatha mwezi usanathe, dikirani mwezi wina. Kuwirikiza beti pofuna kubweza zimene zapita ndiko kumafikitsa anthu kwa akatapila, ndipo mukaona kuti mwayamba kubwereka, kugulitsa katundu kapena kubisira akunyumba, siyani ndithu, muuze munthu amene mumamukhulupirira, ndipo mupemphe kampaniyo kuti itseke akaunti yanu. Tikiti ya matimu ambiri, imene timaikonda kwambiri pa mpira, ilinso ndi msampha wake. Matimu asanu a 1.30 amapereka pafupifupi 3.71, koma ngati iliyonse ili ndi mwayi wopambana katatu pa kanayi, tikiti yonseyo imadutsa pafupifupi kamodzi kokha pa kanayi, ndipo phindu la kampani limachulukana pa timu iliyonse imene mwawonjezera.

Njira imene ndimalimbikitsa ndi yakuti mwezi woyamba musaikepo ndalama iliyonse. Tengani kope, ndipo mpikisano uliwonse usanayambe lembani tsiku, matimu, maodzi, amene mwasankha ndi chifukwa chake, kenaka muonere mpaka kumapeto. Paja kuona maso a nkhono n'kudekha. Nthawi sivuta kwenikweni, chifukwa kuyambira kumapeto kwa March mpaka kumapeto kwa October koloko ya ku Berlin ndi Cologne ku Germany, kumene kumachitikira ina mwa mipikisanoyi, imafanana ndi ya Lilongwe, ndipo miyezi inayo amatsalira ndi ola limodzi. Ku South Korea, kumene kumasewera timu ya T1 ndi wosewera wake Faker, amene anatenga chikho cha dziko lonse cha League of Legends mu 2023 ndi 2024, ali patsogolo ndi maola asanu ndi awiri, choncho mpikisano wa 5 koloko madzulo ku Seoul umayamba 10 koloko m'mawa kuno. Mukafika pa mipikisano 50, werengerani ngati kuti munkaika K400 pa uliwonse, muchotse msonkho ndi mtengo wa mabandulo, ndipo muone ngati pakanatsala kanthu musanaganize zotumiza ndalama yeniyeni.