Momwe mungapezere ganyu ndi pogona mukamayenda kunja ndi chikwama kumsana

Ambiri ofuna kuzungulira maiko ndi chikwama kumsana amayambira kusaka tikiti yotchipa. Ine ndimati yambirani pa viza, chifukwa ndi yomwe imanena ngati mukuloledwa kugwira ntchito. Bedi ndi ganyu zimabwera pambuyo.

Choyamba, werengani zomwe viza yanu ikulola. Viza ya mlendo wongodzaona dziko siyilola kulandira malipiro. Ya maiko a Schengen, gulu la maiko a ku Ulaya omwe mumawayendera ndi viza imodzi, imakupatsani masiku 90 pa masiku 180 alionse, ndipo pofunsira amafuna inshuwalansi ya chipatala ya mayuro 30,000, koma masikuwo ndi oyendera basi. Yomwe inakonzedwera achinyamata oyenda uku akugwira maganyu ndi ya working holiday. Ku Australia ilipo ya nambala 417 ndi 462, ya chaka chimodzi, ya anthu a zaka 18 mpaka 30, ngakhale nzika za maiko ena zimaloledwa mpaka 35. New Zealand ndi Canada ali ndi zawonso. Vuto ndi loti mavizawa amachokera pa mgwirizano wa maboma awiri, choncho si pasipoti iliyonse ili pa mndandanda. Tsegulani tsamba la boma la dzikolo, muone nokha. Ngati dziko lanu palibe, njira zotsala ndi viza ya ntchito yomwe wolemba ntchito amakuikirani kumbuyo, kapena ya maphunziro yolola maola owerengeka pa sabata. Wokuuzani kuti "ingobwerani, mapepala tikonza mukafika" akukukankhirani m'dzenje.

Chachiwiri, sungitsani bedi la masiku atatu kapena anayi okha. Pa masamba a pa intaneti a Hostelworld kapena Booking.com sankhani hostel (nyumba yotchipa yogonamo oyenda) yokhala ndi khitchini ndi kabati yotsekera katundu, ndipo loko mutenge wanu. Musalipiretu mwezi wathunthu malo omwe simunagonepo. Mukakhutira nawo, funsani pa kauntala mtengo wa pa sabata, nthawi zambiri umatsikako.

Hostel yabwino ndi msika wa nkhani za ntchito. Madzulo anthu akamaphika, khalani pomwepo. Mudzaona wina walowa nsapato zili matope okhaokha, zala zitadetsedwa ndi zipatso. Ameneyo ndiye womufunsa kuti kumundako akulemba anthu kodi, amalipira liti, nanga galimoto yonyamula antchito amadula zingati. Yang'ananinso bolodi la zidziwitso, lomwe kawirikawiri limakhala pakhomo la khitchini.

Chachitatu ndi cha sabata yoyamba, ndipo sichichedwa: nambala ya foni ya m'dzikomo, akaunti ya kubanki, ndi nambala ya msonkho. Ku Australia amaitcha Tax File Number, ku New Zealand IRD number. Popanda nambalayi amakudulani msonkho wokwera. CV ikhale ya tsamba limodzi, yonena masiku omwe mulipo ndi mtundu wa viza yanu.

Chachinayi, tsatani nyengo. Maganyu a oyenda ali m'minda ya zipatso, m'malesitilanti, m'mahotela ndi pa zomangamanga. Ku France amathyola mphesa cha mu September, pomwe ku Australia ndi New Zealand nyengo yotsata ndi yomwe dzuwa limaswa mtengo, kuyambira December mpaka February. Fikani kutatsala sabata ziwiri kuti ntchito iyambe, ena asanadzaze malo. Kulesitilanti pitani nokha ndi CV m'manja cha m'ma 3 koloko masana, makasitomala atachepa, mupemphe kuonana ndi manijala. Kumunda funsitsani ngati malipiro ndi a pa ola kapena a pa bokosi lomwe mwadzaza, chifukwa wongoyamba kumene amachedwa manja ndipo tsiku lonse likhoza kuthera mabokosi ochepa. Sungani payslip iliyonse, kapepala koonetsa malipiro anu. Ku Australia wofuna viza ya chaka chachiwiri amayenera kuonetsa kuti wagwira masiku 88 a ntchito zovomerezeka m'madera osankhidwa, ndipo umboni wake ndi timapepala timeneti.

Palinso njira yogwira ntchito posinthana ndi bedi ndi chakudya. WWOOF, yomwe inayamba ku England mu 1971, imalumikiza oyenda ndi alimi, ndipo mumagwira maola anayi mpaka asanu ndi limodzi patsiku. Workaway, HelpX ndi Worldpackers amachitanso chimodzimodzi ndi mabanja ndi mahostel. Njirayi ndimaikonda chifukwa umadya ndi eni dziko pa tebulo limodzi. Komatu maboma ambiri amaiwerenga ngati ntchito ngakhale simulandira kakobiri. Ku UK mlendo amaloledwa kuthandiza mongodzipereka masiku 30 okha, ndipo kukhale ku bungwe lachifundo lolembetsedwa. Gwirizanani maola ndi masiku opuma polemberana musananyamuke.

Chachisanu ndi chomwe chimandidetsa nkhawa kwambiri: musalole kuti bedi, ntchito ndi pasipoti zikhale m'manja mwa munthu mmodzi. M'matauni a minda muli mahostel olonjeza ganyu bola muzigona pawo. Ena ndi achilungamo, ena amakusungani sabata zitatu mukulipira lendi, ntchito osaoneka. Funsani omwe akugona pomwepo kuti sabata yatha agwira masiku angati. Pasipoti ionetseni, aijambule, ibwerere m'thumba mwanu nthawi yomweyo. Wofuna ndalama kuti akupezereni ntchito mukayikireni, pakuti pangano nambala 181 la 1997 la ILO, bungwe loona za ntchito padziko lonse, limati mabungwe opezera anthu ntchito asamalipiritse wantchito. Chimodzimodzi mwini chipinda wonena kuti ali kutali ndipo mutumize dipoziti kaye: osatumiza kanthu musanalowe m'chipindamo ndi kuyesa kiyi pachitseko.

Patulani ndalama yokwanira sabata ziwiri za hostel ndi tikiti ya basi, muiike pa akaunti ina, musaikhudze. Ndi yomwe imakupatsani mphamvu yonyamula chikwama m'mawa mwake zinthu zikavuta. Lembaninso m'foni maola omwe mwagwira tsiku lililonse, ndipo malipiro akapanda kugwirizana nawo, kadandauleni ku ofesi ya zantchito ya dzikolo. Ku Australia ndi Fair Work Ombudsman, ndipo amathandiza ndi alendo omwe, kwaulere.