Musanabaye gentamicin wachiwiri, yambani mwaganizira impso

Anzanga a m'zipatala za mu Mzuzu ndi madera ozungulira, maantibayotiki ambiri amatuluka m'thupi kudzera mu mkodzo. Impso zikafooka, mankhwala amatsalira m'magazi, ndipo mlingo womwe unachiza wina umavulaza mnzake.

Wodwala akafika ali kayakaya chifukwa cha matenda olowa m'magazi, jakisoni woyamba mubayeni wathunthu, musachepetse. Kusintha kumayambira pa wachiwiri.

Chimene chimatinyenga kwambiri ndi zotsatira za creatinine, chinyalala chochokera m'minofu chomwe timayeza m'magazi pofuna kuona mmene impso zikugwirira ntchito. Tiyerekeze gogo wamkazi wazaka 70, wolemera makilogalamu 45, creatinine wake ndi 100 µmol/L. Papepala la ku labu zikuoneka ngati zili bwino. Koma mukawerengera ndi njira ya Cockcroft-Gault, yomwe imaphatikiza zaka, kulemera ndiponso ngati ndi mwamuna kapena mkazi, mupeza kuti impso zake zikusefa pafupifupi mamililita 33 okha pa mphindi. Munthu wowonda amakhala ndi minofu yochepa, choncho creatinine sakwera msanga. Muikeni pa sikelo, musamuyeze ndi maso.

Mwa maantibayotiki amenewa, gentamicin ndiye wondidetsa nkhawa, chifukwa amaononga impso komanso makutu, ndipo ugonthi wake nthawi zambiri subwerera. Impso zikafooka talikitsani nthawi pakati pa majakisoni, kapena sankhani mankhwala ena. Osamuphatikiza ndi brufen kapena diclofenac, popeza nawonso amatha kuvulaza impso. Kusefa kwa impso kukakhala pakati pa mamililita 15 ndi 30 pa mphindi, Bactrim perekani theka. Ceftriaxone safuna kusintha ngati vuto ndi impso zokha, popeza mbali ina ya mankhwalawa imatulukira mu ndulu.

Kumbali ya chiwindi palibe samu yophweka ngati imeneyi. Yang'anani chikasu m'maso, mimba yotupa, kusokonezeka maganizo. Chiwindi chikaonongeka kwambiri, chepetsani metronidazole. Amene ali pa mankhwala a TB akayamba chikasu ndi kusanza, asapitirize kumwa asanaonedwe ndi dokotala, chifukwa isoniazid, rifampicin ndi pyrazinamide onse amatha kuvulaza chiwindi.

Ku labu zinthu zikavuta, funsani agadiyani, amene amagona pambali pa bedi: "Amayi, agogowa akodza kangati chiyambire dzulo?" Funsaninso za shuga, BP, ma ARV okhala ndi tenofovir, ndi mankhwala azitsamba, popeza zonsezi zimatha kukhudza impso, koma mofatsa kuti asakubisireni. Mkodzo ukachepa kwambiri ngakhale wodwala walandira madzi okwanira, mutumizeni ku Mzuzu Central, ndipo m'buku lake lembani mankhwala onse amene walandira, mlingo wake ndi ola lomwe anabayidwa komaliza.