Kupaka wakisi galimoto pakhomo: momwe mungachitire kuno ku Mangochi

Mukaima pa siteji n'kuyang'ana ma Sienta ndi ma Probox omwe akudikira anthu a ku Monkey Bay kapena ku Namwera, muona kuti ambiri denga ndi boneti zinatuwa ngati zathiridwa phulusa, pomwe zitseko zikadali bwinobwino. Chadya pamwambapo ndi dzuwa lathu lino, makamaka la Okutobala ndi Novembala. Pamwamba pa mtundu wa galimoto pamakhala kachikuto koonekera mkati kotchedwa clear coat. Kakapsa n'kuyamba kusupuka, palibe wakisi amene angakabwezeretse, pamenepo n'kwa opopera penti basi. Choncho wakisi ndi wa galimoto yomwe penti wake akadali wamoyo.

Pogula, onani kuti pachitini kapena pabotolo palembedwa kuti wax. Ambiri timangoti polishi, koma polishi weniweni amapala penti pang'ono kuti achotse timikwingwirima, pomwe wakisi amangoyala kansalu koteteza. Alipo wakisi wa carnauba, wochokera ku masamba a mtengo wina wa mtundu wa mgwalangwa wa ku Brazil. Ameneyu amawala mokoma, koma ndi kutentha kwa kuno musayembekezere kuti apitirira miyezi iwiri kapena itatu. Wopangidwa ku fakitale, wolembedwa synthetic kapena sealant, amakhalitsako, ndipo kwa galimoto yogona panja ine ndingasankhe ameneyu. Polishi wa pansi m'nyumba kapena wa nsapato musayese n'komwe. Mufunikanso zidebe ziwiri, sopo wa galimoto, kasiponji kopakira ndi nsalu zofewa za microfibre zosachepera zitatu.

Choyamba sankhani nthawi. Apa ndiye pagona nkhani yonse kwa ife a kunyanja. Gwirani ntchitoyi m'mamawa dzuwa lisanakwere, kapena madzulo kukazizira, pamthunzi wa khonde kapena shedi. Ikani kuseri kwa dzanja pa boneti: ngati pakutentha, dikirani. Ine ndinaphunzira movutikira. Tsiku lina ndinapaka galimoto yanga yakuda cha m'ma 11 koloko, pabwalo pambalambanda, ndipo wakisi anaumiratu ndisanamalize n'komwe chitseko chimodzi. Ndinapukuta mpaka mkono kuwawa, koma mizere yotuwa inakhalapo masabata angapo. Pansi pa mtengo wa mango sipabwinonso, chifukwa utomoni ndi zitosi za mbalame zimagwera pomwe mwangopaka kumene. Kukakhala mwera wouluza fumbi, ingosiyani tsikulo.

Kenako tsukani, ndipo mutsukedi. Yambani ndi kuthira madzi okhaokha kuchokera padenga kutsika, kuti fumbi ndi mchenga zitsetsereke musanakhudze ndi nsalu. Galimoto yomwe yachokera ku Makanjira kapena yaimako pamchenga wa kunyanja imabisa timiyala m'mphepete mwa zitseko ndi pamwamba pa matayala, ndipo kamchenga kamodzi kokakamira pa siponji kamalemba mizere boneti yonse. Chidebe chimodzi chikhale cha sopo, china chotsukuluziramo nsalu musanaibwezere m'sopo. Sopo wa ufa wochapira zovala ndi wotsukira mbale amachotsa wakisi ndi kuumitsa malabala, ndiye mukadzapaka musadzamugwiritsenso ntchito. Mukatsukuluza pukutani nthawi yomweyo, poti madzi a pamjigo akauma okha amasiya timadontho toyera tomwe wakisi akhoza kutitsekera pansi. Kenako yendetsani zala pa penti. Pakamveka tokhakhala ngati phula la mumsewu kapena utomoni, chotsani kaye ndi mankhwala ochotsera phula.

Tsopano pakani. Tapani pang'ono chabe pa kasiponji ndipo muyale mopyapyala kwambiri, koti kungooneka kachifunga pa penti. Kuchulutsa sikuwonjezera chitetezo, kumangokuvutitsani popukuta ndi kukuthetserani chitini msanga. Gwirani gawo limodzi pa nthawi: theka la denga, theka linalo, boneti, kenako chitseko chimodzichimodzi, m'munsi momwe mumakhala litsiro mukhale momalizira. Pewani pulasitiki wakuda wosapentedwa, malabala a m'mawindo ndi galasi lakutsogolo. Pa pulasitiki amasiya zoyera zovuta kuchotsa, pagalasi amachititsa kuti ma waipa azipaka chifunga mvula ikamagwa usiku.

Dikirani mphindi zomwe zalembedwa pachitini, koma dziwani kuti kuno amauma msanga kuposa pamenepo. Njira yodziwira ndi chala: dutsitsani pamalo pomwe mwapaka. Pakatsala mzere wowala bwino wopanda mafuta, wauma. Chala chikangopaka mafuta, mpatseni kanthawi.

Pukutani ndi nsalu youma yopinda kanayi, mosakanikiza, n'kumaitembenuza mbali ina ikadzaza. Nsalu ikagwa pansi, ngakhale kamodzi kokha, ikachapidwe, tengani ina. Zotsalira m'mphepete mwa zilembo ndi pa zogwirira zitseko zimachoka ndi mswachi wakale wofewa. Mukamaliza, tulutsani galimoto poyera muizungulire mukuyang'ana chapambali, mudzaona pomwe mwadumpha.

Kuti mudziwe ngati wakisi akadalipo, wazani madzi pa boneti potsuka. Akamaundana timipira tozungulira n'kumagubuduzika, akugwirabe ntchito. Akayamba kuyala ngati chithaphwi, nthawi yopakanso yakwana. Ine ndimaonetsetsa kuti ndapaka kumayambiriro kwa Seputembala dzuwa lisanafike poopsa, ndi kubwerezanso mvula yoyamba isanagwe. Pakati pa nthawizi, m'galimoto muzikhala botolo la madzi ndi kansalu, kuti chitosi cha mbalame kapena cha mleme chikagwa muchinyowetse n'kuchichotsa tsiku lomwelo, chifukwa pa boneti yotentha chimadya penti ngakhale pali wakisi.