Kumaliza pa intaneti maola a ntchito yothandiza anthu (community service) yomwe khoti lalamula ngati chilango ku America

Musanayambe, khalani ndi chikalata cha chigamulo chosonyeza nambala ya mlandu, maola onse ndi tsiku lomaliza.

1. Funsani khoti kapena probation officer (wa boma woyang'anira olakwa omwe akugwira chilango kunja kwa ndende) ngati maola a pa intaneti amaloledwa, ndipo chilolezocho akupatseni cholemba. Ambiri amalakwa pano: amalipira webusaiti yogulitsa satifiketi, khoti n'kukana maola onsewo nthawi itatha kale.
2. Sankhani bungwe losachita malonda la 501(c)(3), kutanthauza lomwe boma la America linalivomereza kuti lisamalipire msonkho. Litsimikizireni pa webusaiti ya IRS, nthambi ya boma yotolera misonkho.
3. Liuzeni bungwelo kuti mwatumidwa ndi khoti, chifukwa mabungwe ena salandira anthu otere.
4. Mukagwira ntchito, lembani deti, maola ndi zomwe mwachita, wokuyang'anirani asaine.
5. Tengani kalata yokhala ndi dzina la bungwe, siginecha ndi foni. Ipititseni kukhoti tsiku lisanakwane, musunge kope lanu.