Mmene Mungayendetsere Bizinesi Yomanga Nyumba m'Chigwa cha Shire

Munthu wofuna kupeza malo, kumangapo nyumba ndi kuzigulitsa kapena kuchititsa lendi ku Chikwawa ndi ku Nsanje sangasowe msika, chifukwa aphunzitsi, anamwino, apolisi, ogwira ntchito pa kampani ya shuga ya Illovo ndiponso a mabungwe amafuna nyumba zabwino pa maboma awiriwa, pa Nchalo, pa Ngabu ndi pa Bangula. Chovuta n'chakuti pulani imene inayenda bwino ku Blantyre ikhoza kukugwiritsani fuwa la moto mukangotsetsereka nayo kufika pa Thabwa, polowera m'chigwa cha Shire, pakuti kuno madzi, dothi ndi kutentha zili ndi malamulo akeake, ndipo amene amawadziwa bwino malamulowo ndi eni dera.

Musanapereke ndalama iliyonse, fufuzani mbiri ya madzi pa malowo. Chigwachi chinasefukira mu Januwale 2015, mu Malichi 2019 pa nthawi ya namondwe wa Idai, mu Januwale 2022 pa namondwe wa Ana, amene anawononganso damu la Kapichira, ndiponso mu Malichi 2023 pa namondwe wa Freddy. Wogulitsa malo adzakuuzani kuti madzi sanafikepo, choncho musafunse iye. Funsani amayi achikulire oyandikana nawo ndi a komiti yoona za ngozi zogwa mwadzidzidzi ya m'mudzimo, ndipo muwapemphe kuti akulozereni ndi chala pamene madzi analekeza m'chaka chilichonse mwa zaka zinayizi. Nthawi zambiri mzere wa matope umakhala ukuonekabe pa khoma la tchalitchi kapena la sukulu. Kumbukiraninso kuti si Shire yekha amene amaopsa, chifukwa Ruo, Mwanza ndi timitsinje touma tochokera m'mapiri timabwera ndi mchenga usiku umodzi n'kusintha njira. Ngati n'kotheka, kaoneni malowo mu Febuluwale osati mu Seputembala.

Nkhani ya umwini ndi imene yagwetsa ambiri. Kalata ya anyakwawa yokha siikwanira. Lamulo la malo a makolo la 2016 linakhazikitsa makomiti oona za malo otsogozedwa ndi agulupu, okhala ndi mamembala ena 6 osankhidwa, mwa iwo amayi osachepera atatu, ndipo kumene komitiyi ilipo muyenera kudzera kumeneko, kenako ku ofesi ya za malo ya khonsolo kuti malo ayezedwe, zikhomo ziikidwe ndipo pulani ivomerezedwe musanakumbe. Dziwaninso banja limene mukuchita nalo, popeza pakati pa Asena malo amatsata kuchimuna, pamene m'mabanja ambiri a Amang'anja mawu a mwini mbumba ndi alongo ake ndi olemera. Amene sanafunsidwe amatulukira nyumba itafika pa lintala.

Pa kamangidwe, ndalama zambiri muziike pansi. Dothi lakuda la makande, lofala kwambiri cha ku Ngabu, limafufuma likamwa madzi ndipo likauma limang'ambika ming'alu yoti dzanja n'kulowamo, motero maziko wamba amathyoka ndipo khoma limang'ambika kuchokera pa kona ya windo. Pa dothi lotere itanani injiniya, ikani zitsulo m'maziko, ndipo mangani lamba wa konkire wozungulira nyumba yonse pansi ndi pamwamba pa mawindo. Pansi pa nyumba pakhale pokwera kuposa mzere wa madzi umene munaonetsedwa uja, ndipo mizere ya m'munsi ya khoma imangidwe ndi simenti, osati dothi, chifukwa nyumba zambiri zimene zimagwa pa kusefukira sizikokoloka ndi mphamvu ya madzi koma zimasungunuka kuchokera pansi. Musaiwale pepala la pulasitiki lotchinga chinyontho ndi mankhwala a chiswe.

Madzi omangira muyambe mwawalawa. Mijigo yambiri m'chigwachi imatulutsa madzi amchere, ndipo ine ndinaphunzira mochedwa pamene mmisiri wina, pofuna kufupikitsa ulendo, anasakaniza simenti ndi madzi a pa mjigo wapafupi. Patangopita dzinja limodzi makoma anatuwa ngati awaza ufa, pulasitala n'kuyamba kuyoyoka ukamukhudza ndi chala, ndipo ndinalipira kawiri ntchito imodzi. Mchere umadyanso zitsulo za m'kati mwa konkire. Mchenga nawo uyesedwe: thirani pang'ono m'botolo la madzi, khutchumulani, ndipo ukadikha muone ngati pamwamba pakhala matope ochuluka, akachuluka, mchengawo ubwezedwe. Popeza mu Okutobala ndi Novembala kutentha kumapitirira madigiri 40, konkire athiridwe m'mamawa kapena madzulo, aphimbidwe ndi masaka onyowa ndipo azithiriridwa masiku osachepera 7.

Malamulo a 2018 analetsa njerwa zootcha ndi nkhuni pa zomanga za boma ndi za malonda, choncho konzekerani kuumba mabuloko a simenti. Denga likhale lalitali ndi la siling'i, mawindo ayang'anizane kuti mpweya uzidutsa, pakhale khonde lotambalala, ndipo mitengo ya denga imangiriridwe ku lamba wa konkire ndi waya kapena zitsulo kuopa mphepo yoyamba ndi mvula. Nyumba yozizirirapo siikhalitsa yopanda munthu wa lendi.

Za anthu a m'deralo, ena amaziona ngati chifundo chochita ntchito ikatha, koma m'kuona kwanga ndi gawo la bajeti ngati simenti. Yambani ndi msonkhano wa amfumu ndi komiti ya chitukuko ya m'mudzi, mufotokoze chimene mumange, kumene magalimoto azidzera ndiponso kumene madzi a mvula ochoka pa malo anu azilowera. Mfundo yomalizayi ndi yaikulu, chifukwa mukakweza puloti yanu ndi dothi n'kumanga mpanda wa njerwa popanda ngalande, madzi onse mwawakankhira m'nyumba ya mnzanu, ndipo mlandu wake sutha. Musatseke njira yakale yopita ku mjigo, kudimba kapena kumanda. Maganyu okumba, kuumba mabuloko ndi kutunga madzi apite kwa anthu a pomwepo, mtengo wa ndowa kapena wa buloko ugwirizanidwe poyera, ndipo malipiro aperekedwe pa tsiku lolonjezedwa, aliyense n'kusaina m'kaundula. Anyamata awiri kapena atatu aikidwe pafupi ndi amisiri kuti aphunzire ntchito, chifukwa ndi iwo amene adzakukonzereni nyumbazo m'tsogolo. Pakagwa maliro m'mudzimo imitsani ntchito, mukapepese, ndipo ngati muli ndi galimoto muithandizitse.

Mukapemphedwa thandizo la chitukuko, lonjezani chimodzi chokha chimene mungathe, kaya kukonza mjigo kaya kuika kalavati pa msewu, mulembe mgwirizano wake pamaso pa amfumu ndi komiti, ndipo muchimalize nyumba yoyamba isanalowedwe.